MTIMA WOSENZA MITOLO IWIRI: SHUGA NDI NTHENDA YA MAVAVU

Anthu okhala m'tauni ya Kafue adziwa bwino nchito ya pampu. M'mbali mwa mtsinje wao muli makina a ku Iolanda, amene amatunga madzi, nawayeretsa, nawakankha m'mapaipi akulu kudzera ku Chilanga mpaka ku Lusaka, mzinda umene uli pamtunda wokwera pafupi-fupi mamita 300 kuposa Kafue. Nao anthu a m'migodi adziwa zomwezo, pakuti ku mgodi wa Konkola, ku Chililabombwe, mapampu amacotsa madzi pansi pa nthaka usana ndi usiku, ndipo madziwo amatsikira mu mtsinje womwewu wa Kafue. Anthu onsewa adziwanso kuti pampu imene imapatsa ena madzi, nayonso iyenera kupatsidwa mphamvu yake. M'caka ca cilala ca 2024, pamene magetsi anacepa m'dziko lonse la Zambia, mipopi yambiri inauma ngakhale kuti mu mtsinje munali madzi.

Mtima wa munthu ndi pampu yotere. Umapatsa thupi lonse mwazi, koma nawonso uyenera kulandira mwazi wake kuti ugwire nchito. Nkhani ya lero ifotokoza za nthenda ziwiri zimene zimaulanda mtima gawo lakelo. Yoyamba ndi nthenda ya mavavu a mtima, ndipo yaciwiri ndi nthenda ya shuga. Iri yonse payokha ndi mtolo wolemera. Koma zikakumana mwa munthu mmodzi, mtima umasenza mitolo iwiri, ndipo kawiri-kawiri mwini wake sadziwa kufikira tsiku limene agwa.

MMENE MTIMA UMADZIDYETSERA

Mtima ndi mnofu wa msinkhu wa nkhonya ya mwini wake, ndipo umalemera pafupi-fupi magalamu 300. Umagunda nthawi ngati 70 pa mphindi imodzi, ndiko kuti nthawi ngati 100,000 pa tsiku. Pa mphindi iri yonse umakankha malita 5 a mwazi munthu ali khale, ndipo pa tsiku lathunthu malitawo amafika 7,000. Amene anayamba kufotokoza bwino kuti mwazi umazungulira m'thupi mokankhidwa ndi mtima anali dotolo wa ku England, William Harvey, m'caka ca 1628.

Cinthu codabwitsa ndi cakuti mtima sudya mwazi umene uli m'zipinda zake. Uli ngati mai wophika pa ukwati, amene mphika waukulu uli m'manja mwake koma adikira mbale yake-yake. Mbale ya mtima imabwera ndi mitsempha iwiri imene madotolo amaicha coronary, cifukwa imazinga mtima monga cisoti ca mfumu. Mitsempha iwiriyi imayambira pa tsinde la aorta, mtsempha waukulu woturuka mu mtima, ndipo imagawika-gawika kufikira isanduka timitsempha tating'ono tosaoneka ndi maso, tolowa pakati pa mnofu. Mwa mwazi wonse umene mtima umakankha, gawo limodzi cabe mwa magawo 20 ndilo limapita m'njira imeneyi.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kuzigwira bwino pano. Coyamba ndi cakuti mtima umakama mwazi wake kwambiri. Ziwalo zambiri zimatenga gawo limodzi cabe mwa magawo 4 a mpweya wa okosijeni umene uli m'mwazi, koma mtima umatenga pafupi-fupi magawo 3, ngakhale munthu ali mtulo. Kotero munthu akayamba nchito yolemetsa, mtima sungathe kukama zambiri m'mwazi womwewo. Njira yake ndi imodzi yokha, ndiyo kutanula timitsempha take kuti mulowe mwazi wocuruka. Mwa munthu wa moyo wabwino timitsemphati tingathe kulowetsa mwazi woposa wa nthawi zonse katatu kapena kanai. Mphamvu yosungika imeneyi ndiyo nkhokwe ya mtima. Ndiyo imene imathandiza msodzi kupalasa bwato motsutsana ndi madzi, ndi munthu wa njinga kukwera citunda ali ndi matumba a makala.

Caciwiri ndi cakuti mtima umadya pamene ukupuma. Pa kugunda kuli konse umafinya, kenaka numasuka. Pofinya, mnofu umapana timitsempha take tomwe, ndipo mwazi sulowa bwino, maka-maka m'cipinda camphamvu ca kumanzere. Mwazi umalowa m'kanthawi kakang'ono ka kumasuka. Tsono mtima ukamathamanga, kanthawi kopumako ndiko kamafupika koposa, ndipo mtima umagwira nchito yambiri uku ukudya pang'ono.

ZITSEKO ZINAI

Mu mtima muli zipinda zinai ndi zitseko zinai. Zitsekozi ndizo mavavu, ndipo nchito yake ndi yofanana ndi ya vavu ya tayala la njinga kapena ya pampu ya mumgodi: kulola cinthu kupita mbali imodzi, ndi kuciletsa kubwerera. Mavavu amene amaonongeka kawiri-kawiri ndi awiri a kumanzere: vavu ya mitral, imene iri pakati pa zipinda ziwiri, ndi vavu ya aorta, imene iri pakhomo poturukira mwazi kupita m'thupi. Vavu ingaonongeke m'njira ziwiri. Ingathe kuuma ndi kupanikiza njira, monga citseko cotseguka pang'ono cabe; kapena ingathe kulephera kutseka, ndipo mwazi umabwerera m'mbuyo.

Ku Ulaya ndi ku America nthenda imeneyi imagwira maka-maka okalamba, pakuti vavu ya aorta imauma ndi zaka, nikhala yolimba ngati fupa. Koma m'Zambia ndi m'maiko oyandikana nalo gwero lalikulu ndi lina. Mwana wa zaka za pakati pa 5 ndi 15 amadwala zironda za pakhosi zobwera ndi tizirombo ta streptococcus. Akapanda kulandira mankhwala, patapita masabata awiri kapena atatu angayambe kutentha thupi ndi kutupa m'mfundo, lero bondo, mawa cigongono. Apa asilikari a m'thupi, pomenyana ndi tizirombo, amalakwitsa ndi kulasa mavavu a mtima. Mfundo zimapola, mwana nabwerera kusukulu, koma zipsera za pa mavavu zimatsala ndi kukula pang'ono-pang'ono kwa zaka zambiri. Imeneyi ndiyo nthenda imene madotolo amaicha rheumatic heart disease.

Sikuti nthendayi ndi yosowa. Madotolo a pa University Teaching Hospital ndi anzao anapima ndi makina ana a sukulu opitirira 1,000 mu Lusaka, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa m'caka ca 2018: pafupi-fupi ana 12 mwa ana 1,000 ali onse anali ndi zizindikiro zake. M'caka comweco msonkhano waukulu wa World Health Organization unagwirizana kuti maiko onse alimbane nayo. Ana ambiri otere amakula, nakwatira, nalowa nchito, osadziwa kanthu. Ndipo akafika zaka 40 kapena 50, amafika pa msinkhu umene nthenda ya shuga imakonda kugwira anthu.

CIMENE VAVU YOONONGEKA IMACITA

Khomo la vavu ya aorta mwa munthu wamkulu limakhala lotambalala masikweya sentimita 3 kapena 4. Likacepa kufika pansi pa 1, madotolo amati lapanikiza koopsa. Mtima uyenera tsopano kukankha malita omwe aja kudzera pa kabowo kakang'ono. Kuti uthe kutero, mnofu wake umakhuthala, monga mkono wa wosula zitsulo. Munthu angaganize kuti mtima wokhuthala ndi wamphamvu, koma si tero. Mnofu umakula, koma timitsempha toudyetsa sitiwonjezeka mofanana. Ziri ngati komboni imene nyumba zacuruka koma mipopi ndi yomwe ija. Ndiponso kufinya kumatenga nthawi yaitali, ndipo nthawi ya kumasuka, imene mtima umadyera, imafupika.

Kuti mnofu wokhuthalawo usafe ndi njala, timitsempha timakhala totanuka ngakhale munthu ali khale. Kunena kwina, mtima umayamba kudya za m'nkhokwe pa masiku wamba. Banja limene lapasula nkhokwe mwezi wa June limaoneka lokhuta, koma February akafika liribe pogwira. Ndi cifukwa cake anthu ambiri a vavu yopanikiza amamva kulemera m'cifuwa pokwera citunda, ngakhale kuti mitsempha yao ikuluikulu ya coronary siinatsekeke konse.

Vavu ya aorta ikakhala yobweza mwazi, bvuto limadza mwa njira yina. Pa nthawi ya kumasuka, mwazi umene unayenera kukhala wothinana mu aorta ndi kulowa m'mitsempha ya coronary, umagwera m'mbuyo mu mtima. Mphamvu yokankhira cakudya ca mtima imatsika, pamene nchito ya mtima yakula, pakuti ukukankha mwazi womwewo kawiri. Nayo vavu ya mitral, imene nthenda ya zironda za pakhosi imakonda kuononga, ikapanikiza imacititsa mwazi kudikha m'mapapo, ndipo kawiri-kawiri mtima umayamba kugunda mothamanga ndi mosokonezeka. Apanso nthawi yodyera imafupika.

CIMENE SHUGA AMACITA

Nsima, buledi, mbatata ndi mpunga zikagayika m'mimba zimasanduka shuga, amene amalowa m'mwazi. Kuti shugayo acoke m'mwazi ndi kulowa m'minofu, pafunika insulin, imene imapangidwa m'kapamba. Insulin ikacepa, kapena thupi likaleka kuimvera, shuga amaunjikana m'mwazi. Imeneyi ndiyo nthenda ya shuga. Kale inali kupha msanga ana ndi acinyamata amene inawagwira, kufikira Frederick Banting ndi Charles Best anapeza insulin ku Toronto, m'dziko la Canada, m'caka ca 1921.

Ena amati ndi nthenda ya anthu olemera okha, koma si zoona. Boma la Zambia litapima anthu akulu m'zigawo zonse m'caka ca 2017, linapeza kuti pafupi-fupi 6 mwa anthu 100 ali onse anali ndi shuga wokwera, ndipo 19 mwa 100 anali ndi mwazi wothamanga, umene anthu amaucha BP. M'caka ca 2021 bungwe la International Diabetes Federation linawerengera kuti m'cigawo cake ca Africa munali anthu akulu 24,000,000 a nthenda ya shuga, ndi kuti oposa theka la iwo sanali kudziwa kuti ali nayo.

Shuga wocuruka amaononga njira za mwazi wa mtima m'malo anai. Poyamba, amakanda khungu losalala la m'kati mwa mitsempha. Khungu limeneli ndilo limaturutsa mankhwala ochedwa nitric oxide, amene amauza mtsempha kuti utanuke. Likakandika, mtsempha umamva mau mocedwa ndi kutanuka pang'ono cabe. Kaciwiri, amathandiza mafuta kumatirira m'makoma a mitsempha ikuluikulu, monga dzimbiri m'paipi yakale; ndipo mwa anthu a shuga mafutawa sakhala pamalo amodzi, koma amatambasuka m'litali mwa mtsempha. Kacitatu, amakhuthalitsa makoma a timitsempha tating'ono, ndipo tina timafota ndi kutha. Kacinai, amacititsa ulusi wouma kumera pakati pa mnofu wa mtima, kotero kuti mtima sumasuka bwino, ndipo mwazi umabvutika kulowa m'mnofu wouma cotero.

Zimenezi zinadziwika ndi kupenyetsetsa kwa zaka zambiri. M'tauni ya Framingham, ku America, madotolo anayamba kutsatira moyo wa anthu opitirira 5,000 m'caka ca 1948. M'caka ca 1974 anaulula kuti amuna a shuga anali kufooka mtima kowirikiza kawiri poyerekeza ndi anzao, ndipo akazi a shuga kowirikiza kasanu. Kotero amai asaganize kuti nkhani iyi ndi ya abambo okha.

PAMENE ZIWIRIZI ZIKUMANA

Tsopano nkhani yafika pa mutu wake. Vavu yoonongeka imakulitsa njala ya mtima ndi kufupikitsa nthawi yake yodyera. Shuga amacepetsa njira zobweretsa cakudyaco, naziletsa kutanuka. Imodzi imadya nkhokwe kucokera pamwamba, yina kucokera pansi ngati ciswe. Munthu amene ali ndi vavu yopanikiza pang'ono, amene akanatha kugwira nchito zaka zambiri, angayambe kubanika msanga ngati ali ndi shuga wosasamalidwa. Ndipo munthu wa shuga amene akanakhala bwino ndi mapiritsi ake angagwe pa nchito, cifukwa ca vavu imene sanapimitse konse.

Shuga amafulumizanso kuuma kwa vavu yeniyeniyo. Ku Ontario, m'dziko la Canada, anafufuza mbiri ya anthu opitirira 1,000,000 a zaka zoposa 65, ndipo m'caka ca 2017 anaonetsa kuti pamene anthu 2 opanda shuga anadwala vavu ya aorta yopanikiza koopsa, mwa anthu a shuga owerengeka mofanana anadwala pafupi-fupi 3. BP yokwera inali kucitanso cimodzi-modzi, ndipo shuga ndi BP zimakonda kuyendera limodzi.

Pali ngozi yina imene anthu ogwira nchito pa moto wa ng'anjo, pansi pa mgodi, kapena m'minda ya nzimbe pa dzuwa la October ayenera kuidziwa. Shuga akakwera, munthu amakodza kawiri-kawiri, ndipo madzi amacepa m'thupi. Akawonjezapo thukuta la tsiku lonse, mwazi umacepa, ndipo mtima umathamanga kuti ukwaniritse. Mtima wa mavavu abwino ungapirire. Koma mtima wa vavu yopanikiza sungathe, ndipo munthuyo angacite cizungulire kapena kukomoka ali pa makwerero kapena pafupi ndi makina.

MLONDA WOGONA

Coipitsitsa mwa zonse ndi ici. Mtima ukasowa mwazi umalira, ndipo kulira kwake ndiko kupweteka kapena kulemera kwa m'cifuwa, kumene nthawi zina kumatsikira ku mkono wamanzere kapena kukwera ku nsagwada. Kupweteka kumeneku ndi mlonda, pakuti kumauza munthu kuti aime. Koma shuga wa zaka zambiri amaononga minyewa yonyamula uthenga wa ululu. Anthu adziwa za odwala shuga amene amaponda munga osamva. Cimene cimacitika ku phazi cingacitikenso ku mtima. Munthu wotere angakhale ndi mtima wanjala, ngakhale kufa mbali yina ya mnofu wake, osamva kupweteka konse.

Naci citsanzo ca zimene zimaoneka kawiri-kawiri. Pangakhale mwamuna wa zaka 52, amene anagwira nchito ku migodi, napuma, nadzamanga nyumba ku Shikoswe. Ali mwana anadwalapo mfundo, koma anaiwala. Zaka 8 zapitazo anamuuza kuti ali ndi shuga, ndipo amamwa mapiritsi akakumbukira. Tsiku lina mkazi wake amuuza kuti, "Bambo, kamtunda aka munali kukwera pa njinga osatsika, koma lero mwatsika kawiri." Iye ayankha nati, "Ndi ukalamba cabe, amai; palibe pamene pakundiwawa." Mwamuna ameneyu akunena zoona kuti samva kuwawa, koma walakwa poganiza kuti kusawawako ndi umboni wa moyo. Mkazi wake waona cimene mlonda wogona sanamuuze, ndipo akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Kotero kwa munthu wa shuga zizindikiro zoyenera kuchera khutu ndi izi: kupuma mobanika pa nchito imene kale inali yopepuka; kutopa kosadziwika cifukwa cake; thukuta lozizira; mseru pogwira nchito; kutupa mapazi madzulo; kulephera kugona cagada popanda mitsamiro iwiri kapena itatu; ndi kucita mdima m'maso pokwera citunda. M'caka ca 1968 madotolo awiri a ku America, John Ross ndi Eugene Braunwald, anaonetsa kuti vavu ya aorta yopanikiza imakhala cete zaka zambiri, koma ikayamba kudzionetsa nthawi imakhala yafupika: popanda opaleshoni, odwala anali kukhala zaka ngati 5 atayamba kumva m'cifuwa, zaka 3 atayamba kukomoka, ndi zaka 2 mtima utayamba kufooka. Munthu amene shuga wamubisira cizindikiro coyamba amafika ku cipatala ali kale pa caciwiri kapena pa cacitatu.

ZOYENERA KUCITA

Lamulo loyamba ndi lapafupi: amene ali ndi nthenda imodzi apimitse inzake. Munthu ali yense amene anauzidwapo kuti mtima wake uli ndi phokoso lacilendo, kapena amene anadwala mfundo ali mwana, apimitse shuga kamodzi pa caka. Kupimako ndi kadontho kamodzi ka mwazi wa pa cala. Munthu asanadye m'mawa, shuga akafika 7.0 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana, ndiye kuti nthendayo iripo. Palinso kupima kochedwa HbA1c, kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi itatu yapita; kukafika 6.5, nakonso kumatsimikiza nthenda. Nayenso munthu wa shuga, popita kukatenga mankhwala ku kiliniki ya ku Nangongwe kapena ku cipatala cacikulu ca Kafue, apemphe kuti amumvere m'cifuwa, ndipo anene poyera ngati mphamvu zake zasintha. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Dotolo akamva phokoso lokayikitsa amatumiza munthu ku makina a echo, amene ndi a mtundu umodzi ndi aja ounikira amai apakati. Makinawa salasa ndipo sapweteka, koma amaonetsa mavavu akutseguka ndi kutseka, ndi kukhuthala kwa mnofu. Odwala ofunika cithandizo cacikulu amatumizidwa ku Lusaka, ku University Teaching Hospital kapena ku National Heart Hospital, cimene cinayamba nchito m'caka ca 2021. Kucokera ku Kafue ndi ulendo wa makilomita osafika 70, ndipo munthu angapite ndi kubwera tsiku lomwelo.

Lamulo laciwiri ndilo kusunga shuga pa muyeso, osakwera ndiponso osatsika kopitirira. Shuga akatsika kwambiri, munthu amanjenjemera, kuturuka thukuta, ndipo mtima umathamanga, cimene ndi coopsa kwa mtima wa vavu yodwala. Ogwira nchito ya mashifiti acenjere apa: wobaya insulin kapena womwa mapiritsi onga glibenclamide asalowe shifiti osadya, ndipo ayende ndi maswiti kapena shuga pang'ono m'thumba. Nthawi za nchito zikasintha, akambirane ndi a cipatala za nthawi yomwera mankhwala. Pa mbale, nsima icepe ndipo ndiwo zamasamba, nyemba ndi nsomba zicuruke. Nsima ya mgaiwa iposa ya ufa woyera. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo zisakhale za tsiku ndi tsiku. Mcere wa tsiku lonse usapitirire magalamu 5, ndiyo supuni yaing'ono imodzi, ndipo nsomba zouma za mcere ziyambe zabviikidwa.

Lamulo lacitatu ndilo kuteteza mitsempha ku adani ena. Fodya amaononga khungu lomwe lija limene shuga amakanda, ndipo wosuta amene ali ndi shuga akuthira parafini pa moto. BP ipimidwe kawiri-kawiri, ndipo mapiritsi ake amwedwe ngakhale munthu akumva bwino. Anthu ambiri a shuga a zaka zoposa 40 amapatsidwanso mapiritsi ochedwa statin, otsitsa mafuta m'mwazi. Malungo ndi kucepa kwa mwazi ziciritsidwe msanga, pakuti zonsezi zimathamangitsa mtima. Mano atsukidwe bwino, cifukwa shuga amadwalitsa nkhama, ndipo tizirombo ta m'kamwa tingalowe m'mwazi ndi kukamera pa vavu yoonongeka. Kuyenda pansi mphindi 30 pa masiku 5 a sabata kumathandiza anthu ambiri. Koma amene vavu yake yapanikiza koopsa afunse dotolo asanapitirize nchito yonyamula zolemera. Ndipo munthu asabwereke mapiritsi a m'cifuwa a mnzake, aja oika pansi pa lilime, pakuti kwa wa vavu yopanikiza angagwetse BP ndi kumukomola. Safunsa anadya phula.

Lamulo lacinai ndi la makolo. Mwana akadwala pakhosi ndi kutentha thupi, apite naye ku kiliniki, cifukwa penisilini amaletsa nthendayo isanafike ku mtima. Amene mavavu ake analasidwa kale amalandira jekeseni wa benzathine penicillin pa masabata 3 kapena 4 ali onse kwa zaka zambiri, ndipo kudumpha jekeseni ndiko kutsegulira mdani khomo kaciwiri.

OPALESHONI NDI PAMBUYO PAKE

Vavu yoonongeka kwambiri siicira ndi mapiritsi, koma ingathe kukonzedwa kapena kusinthidwa. Vavu yopangidwa ndi anthu inayamba kuikidwa bwino mu mtima m'caka ca 1960, ndi dotolo Albert Starr ku Portland, ku America. M'caka ca 2002 dotolo Alain Cribier wa ku Rouen, m'dziko la France, anaika vavu yatsopano ya aorta poidzeretsa mu mtsempha, osatsegula cifuwa. Asanacite opaleshoni kwa munthu wa shuga, madotolo amayamba ajambula mitsempha ya coronary, cifukwa adziwa kuti ingakhale yotsekeka mwakacetecete, ndipo ngati iri yotero amaikonza pa nthawi yomweyo. Amafunanso kuti shuga akhale wotsika bwino, pakuti bala la munthu wa shuga wokwera limapola mocedwa ndipo limagwidwa msanga ndi tizirombo.

Vavu ikasinthidwa, mtolo umodzi umatulidwa. Mtima sulimbananso ndi khomo lopanikiza, mnofu umayamba kubwerera pa miyezi ingapo, ndipo nkhokwe ija imayamba kudzala. Koma mpeni wa dotolo sufika ku timitsempha tating'ono timene shuga waononga, ndipo mtolo waciwiri umatsala pa mutu. Ndi cifukwa cake wodwala wotere ayenera kupitiriza mankhwala ake onse. Ku Spain anayesa mankhwala a shuga ochedwa dapagliflozin pa okalamba opitirira 1,200 amene anawaika vavu yatsopano ya aorta, ndipo ambiri a iwo anali ndi shuga kapena impso zofooka. Zotsatira zinaturuka m'caka ca 2025: pa caka cimodzi, mwa olandira mankhwalawo 15 mwa 100 anamwalira kapena kufookanso mtima, pamene mwa osalandira anali 20 mwa 100. Amene anaikidwa vavu yacitsulo amamwanso warfarin moyo wao wonse, kuti mwazi usaundane pa vavuyo. Ayenera kupimitsa mwazi pa masiku oikika, ndi kuuza dotolo za mankhwala ena ali onse amene akumwa, ngakhale a zitsamba.

Pali zizindikiro zimene sizilola kudikira tsiku la kiliniki. Munthu wa shuga kapena wa vavu yodwala akakomoka pa nchito, akabanika ali khale, akaturuka thukuta lozizira ndi kufooka mwadzidzidzi, kapena akalefuka mbali imodzi ya thupi ndi kupotoka kamwa, atengedwe ku cipatala ola lomwelo, usiku kapena usana. Anzake a pa nchito ndi a pa banja asamugoneke pa mthunzi kuti aone mmene ati adzukire mawa.

Munthu wa mitolo iwiriyi angathe kukhala zaka zambiri, kulera ana ake ndi kuona adzukulu, ngati zonse ziwiri zadziwika nthawi ikalipo. Cofunika ndi kadontho kamodzi ka mwazi wa pa cala, ndi mphindi zowerengeka za dotolo womvera m'cifuwa. Abambo ndi amai amene amva nkhani iyi, ndipo akumbukira mbale kapena mnansi amene watsika pa njinga pamene kale sanali kutsika, acita bwino kumuuza lero lomwe, ndi kumuperekeza ku cipatala sabata lino.